Mlandu wa Thabwa pa Bwalo la ku Kaseye

Mame asanakamuke, mfumu ndi nduna zake zitakhala pa mipando yawo ndipo khamu litadzaza bwalo, ena akunong'onezana m'Chilambya, ena m'Chindali, ena m'Chinyiha, monga mwa chikhalidwe cha dziko la Chitipa limene Azungu ankalitcha Fort Hill, anaimiritsa mkulu wina wa imvi, kalaliki wopuma ntchito, pamodzi ndi thabwa lalikulu limene anyamata anayi analizula pa khomo pake. Pa thabwalo panalembedwa malamulo 12, kuposa a Mose ndi awiri, ndipo lililonse linayamba ndi mawu akuti "Ife a banja lino tikuti": mkazi wovala buluku ndi chonyansa, mowa ndi msampha wa Mdyerekezi, wowoloka Songwe pa Sabata kukagula katundu ku Isongole wagulitsa moyo wake, wangongole ndi mbala.

Nduna yaikulu inawomba m'manja kwa mfumu niti: "Gogo Chalo, lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku linabwera mu 1973 ndipo linafa mu 1993, tifuna timve amene anapatsa bambowa khasu lofukulira maliro ake."

Mkuluyo, amene anabwera atavala tayi ngakhale kunkatentha, anayankha mosatekeseka kuti dziko linawola kuyambira chaka chomwecho cha 1993, ndi kuti iye ali ndi ufulu wolemba zimenezo popeza malamulo aakulu a dziko a mu 1994 amalola munthu aliyense kunena zakukhosi. Bwalo linang'ung'udza, pakuti ngakhale ana anaona kuti munthuyo akutukwana mphika umene akudyeramo.

Mboni yoyamba, mayi wofulula mowa wa mawere, anagwada nati: "Gogo Chalo, bambowa pa bwalo langa la mowa sakhala, zimenezo ndiwachitire umboni, amadzera kuseri kwa nkhokwe dzuwa litalowa, atanyamula ketulo, ndipo ketuloyo sinalipirepo chikololere chimanga." Mboni yachiwiri, mnyamata amene analemba thabwalo, anadandaula kuti penti anagula yekha ku boma, kuti mawu akuti wangongole ndi mbala anawalemba ndi dzanja lake lomwe, ndi kuti malipiro ake akuwadikabe. Wina kumbuyo anafuula kuti anyani amasekana zikundu, koma nduna inamukhalitsa chete.

Pomaliza anaitana mayi wa pa nyumbapo, amene anakonza chitenje chake pang'onopang'ono, nayang'ana thabwalo nthawi yaitali asanatsegule pakamwa. "Gogo Chalo, ine sindinapite patali ndi sukulu, choncho ndithandizeni: 'ife' ameneyu ndani? Ine sanandifunse, ana sanawafunse, ankhoswe anamva kwa anthu odutsa m'njira. Mwana wathu wamkazi amavala buluku akamapalasa njinga kupita ku chigayo, ndipo ufa umene amabwera nawo atate akewa sanaukanepo."

Mfumu, itamva zonse ndi kufunsana ndi nduna zake, inagamula kuti mlandu suwola, choncho ngongole ya ketulo ndi ya penti ziperekedwe mwezi usanathe, pamodzi ndi nkhuku ya bwalo. Kuti ufulu wa mkuluyo palibe angaulande, ndipo thabwa libwerere pamalo pake. Koma kuti, popeza likulankhula m'dzina la banja lonse, kumbuyo kwake kukhale kwa mayi ndi ana, alembepo zimene iwo akuti.

Mkuluyo anapempha modzichepetsa kuti thabwalo lingowazidwa nkhuni. Mfumu inakana, ndipo mayiyo anafunsa mnyamata uja mtengo wa penti yofiira.