Ulemerero wa Tabu ya mu Makefile

Tabu ya mu Makefile ndi chizindikiro chosaoneka ndi maso chimene chimayamba mzere uliwonse wa lamulo mu pulogalamu ya Make. Pa sikirini imangokhala ngati mpata wopanda kanthu, ndipo ngakhale katswiri wa imvi sangaisiyanitse ndi mipata wamba pongoyang'ana. Make yokha ndiyo imasiyanitsa, ndipo sidziwa kukhululuka.

Make inalembedwa ndi Stuart Feldman ku Bell Labs mu 1976. Ntchito yake ndi kumanga pulogalamu kuchokera ku mafayilo ambirimbiri popanda kubwereza zimene zamangidwa kale. Imayang'ana nthawi imene fayilo inasinthidwa komaliza: ikapeza kuti khodi ndi yatsopano kuposa chimene chinapangidwa kuchokera ku khodiyo, imamanganso, apo ayi, imadutsa. Malangizo amalembedwa mu Makefile, mzere wapamwamba kutchula chofunika kupangidwa ndi zimene chimadalira, mizere yapansi kunena chochita. Yapansiyi ndiyo ufumu wa tabu.

Feldman mwiniwake anavomereza kuti tabuyo sinali ganizo labwino, koma pomwe amazindikira n'kuti anzake pafupifupi 12 atayamba kale kugwiritsa ntchito Make, ndipo sanafune kuwasokonezera mafayilo. Anthu 12 aja anasungidwa bwino, ndipo ngongole ya ulemu umenewo ikubwezedwa ndi mibadwo yonse yobwera pambuyo. Mu 2003 bungwe la ACM linapatsa Feldman mphoto ya Software System Award, tabu ili momwemo.

Ubwino waukulu wa tabu ndi woti imaphwetsa matama mosakondera. Wophunzira wa chaka choyamba ndi injiniya wamkulu onse amalandira uthenga umodzi wa GNU Make, "missing separator. Stop.", kenako n'kumayang'anitsitsa mzere umene ukuoneka kuti ulibe banga. Mzerewo ukayamba ndi mipata 8, Make imachitako chifundo n'kufunsa ngati wolembayo amafuna tabu. Ukayamba ndi mipata 4, imangoti duu, munthu adzipezere yekha. Mapulogalamu olembera khodi amene amasandutsa tabu kukhala mipata mwakachetechete amathandiza kwambiri kuti phunziroli lisathe.

Tabu yaberekanso ana ambiri, pakuti ambiri mwa amene anapanga zida zatsopano anali kuthawa Make. James Duncan Davidson analemba Ant kuti azimangira pulogalamu ya Tomcat, ndipo Ant inatuluka payokha mu 2000. Buku lake la malangizo limatchula vuto la tabu ngati chimodzi mwa zowawa za Make. M'malo mwake munabwera XML, mmene lamulo la mawu atatu limavala malaya a zizindikiro kutsogolo ndi kumbuyo. Walira mvula walira matope. Maven, ya mu 2004, inasunga XML mu pom.xml n'kuwonjeza mwambo wokoka mafayilo osawerengeka pa intaneti tsiku loyamba, nthawi imene wolemba khodi amapeza mpata wophika tiyi. Gradle inataya XML n'kutenga chiyankhulo cha Groovy, ndipo Google itaisankha kukhala yomangira mapulogalamu a Android mu 2013, fayilo ya malangizo omangira pulogalamu inasanduka pulogalamu inanso yofuna kuikonza.

Motero wosankha chida masiku ano kawirikawiri amasankhiridwa ndi chiyankhulo: wa Java amapita kwa Maven kapena Gradle, wa Android kwa Gradle, wa C ndi C++ kwa CMake. CMake, imene kampani ya Kitware inatulutsa mu 2000, simanga yokha. Pa Linux, ikapanda kuuzidwa zina, imalemba Makefile n'kuipereka kwa Make, tabu zonse zili m'malo mwake, kungoti tsopano zikulembedwa ndi makina.

Mu 2010, GNU Make 3.82 inabweretsa .RECIPEPREFIX, imene imalola munthu kuika chizindikiro china m'malo mwa tabu. Apa n'kuti tabu italamulira zaka 34. Linux, yomwe Linus Torvalds anayamba mu 1991, ikumangidwabe ndi Make, ndipo malamulo a m'ma Makefile ake akuyambabe ndi tabu.