Amisiri, kodi bawuti akakwana mumadziwa bwanji?

Pepani amisiri a kuno ku Nabvutika, ndi inu a ku Kapata ndi ku Mchini mu Chipata muno, ndiloleni ndifunseko. Ine ndine mayi wongokwera galimoto za eni, sipanala sindinaigwirepo. Koma mlongo wanga ali ndi takisi, Corolla yotenga anthu kuchoka m'tauni kupita ku chipata cha Mwami, ndipo galimotoyo ikagona pagalaja tonse pabanja timadya ndiwo zopanda mafuta. Choncho nkhani ya mabawuti a pa hedi ya injini yandikhudza, ngakhale si yanga.

Funso langa ndi lachibwana. Mukavundikira hedi pa injini n'kuyamba kumanga mabawuti aja, mumadziwa bwanji kuti apa pakwana?

Ndinafunsapo mmisiri wina amene amakonzera pansi pa mtengo wa mango. Anaseka, n'kundionetsa mkono. "Amayi, dzanja ili lamanga mainjini ambiri, limadziwa lokha." Ali mkati molankhula, mnyamata wake anali atalowetsa paipi yaitali ku chogwirira cha sipanala, akulendewera mpaka miyendo kuchoka pansi. Bawuti analira kuti kwii, onse n'kuvomerezana kuti wamanga.

Mwina n'zoona, dzanja limadziwa. Koma chimene chikundizunguza n'chakuti nthawi yogulitsa soya ndi mtedza, palibe mlimi wa ku Chadiza kapena wa m'njira ya ku Lundazi amene angalole wogula kunyamula thumba m'manja n'kunena kuti "awa ndi makilogalamu 40, dzanja langa limadziwa." Amafuna sikelo, ndipo ngakhale sikeloyo amaiyang'anitsitsa kuti mwina aipusitsa. Nanga injini, imene mtengo wake umaposa matumba ambirimbiri a soya, bwanji timalola kuti iyezedwe ndi mkono?

Mwana wa achimwene anga akuphunzira zaumakaniko, ndiye ndinamukhazika pansi kuti andiuze ngati akuuza mwana. Anati hedi ndi chivundikiro cha pamwamba pa mapisitoni, pomwe petulo amayakira. Pakati pa hedi ndi buloko pamagona gasiketi yopyapyala, ndipo pamenepo pamadutsa zinthu zitatu zosayenera kukumana: moto, madzi oziziritsa ndi oyilo. Injini ya masilinda anayi ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, mkatimo mumaphulika ka 100 pa sekondi iliyonse, ndipo kuphulika kulikonse kumafuna kukankha hediyo kuti inyamuke. Oiletsa ndi mabawuti 10 okha.

Ndinati ndiye bwino lomwe, mnyamata wa paipi uja akulondola. Ngati moto ukufuna kutulukira pamenepo, kumangitsa kwambiri si ndiye chitetezo?

"Ayi azakhali," anatero. "Bawuti amagwira chifukwa watamuka." Apa ndinamuyang'ana kawiri, poti ine ndinkadziwa kuti chitsulo sichitamuka. Koma akuti chimatero, pang'ono kwambiri moti diso silingaone. Mukamamanga, bawuti amatalika, ndipo pofuna kubwerera mwakale amakokera hedi pansi. Mukapitiriza muyeso amayamba kuwonda pakati, mphamvu yake yokoka siiwonjezekanso, kenako amaduka kapena amazula mazinga a m'buloko. Ndipo buloko ya injini zambiri za masiku ano ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa chosachedwa kugonja.

Kenako anandipatsa manambala. Injini yotchedwa 1NZ-FE, ya malita 1.5, imene Toyota inayamba kupanga mu 1999, ndiyo ili m'galimoto zambiri zimene timakwera kuno: Corolla, Spacio, Allion, Probox, Sienta. Buku la eni ake limati mabawuti a hedi amangidwe kaye kufika pa 29 Nm. Ndinafunsa kuti 29 ameneyu ndi wolemera bwanji. Akuti n'chimodzimodzi kupachika makilogalamu atatu kunsonga kwa chogwirira chotalika mita imodzi. Atatu basi! Pamene mnyamata wolemera makilogalamu 70 akalendewera kunsonga kwa paipi ya mita imodzi amafika pafupi ndi 700 Nm. Amisiri, kodi amene analemba 29 uja anali wofooka manja, kapena pali chimene ankadziwa?

Komatu pa 29 si pothera. Mabawuti onse akafika pamenepo, aliyense amapotolozedwanso madigiri 90, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira. Onse 10 akatha, mumabwereranso poyamba n'kuwonjeza madigiri 90 ena. Apa mutu wanga unaima. Ngati pali chida choyezera mphamvu, chimene mumachitcha torque wrench, chija chimalira kuti tcha chikafika pa nambala yake, bwanji osangomanga nacho mpaka kumapeto? Zowerenga madigirizi zabweranso bwanji?

Yankho lake ndi limene landisowetsa mtendere kwambiri. Akuti mwa mphamvu yonse imene munthu amaika pa sipanala, pafupifupi magawo 9 mwa 10 amathera pa kukhulana kwa zitsulo, m'mazinga ndi pansi pa mutu wa bawuti. Gawo limodzi lokha ndilo limatamula bawutiyo. Ndiye bawuti wadzimbiri kapena wafumbi amauma msanga, mkono n'kumva ngati wamanga, chonsecho hedi sanaikoke n'komwe. Wina wonyowa oyilo wambiri amangoterereka, mkono n'kumati sanafike, kumachita kupitiriza. N'chifukwa chake buku limati mazinga akhale oyera, opakidwa oyilo pang'ono chabe, ndipo gawo lomaliza liwerengedwe ndi madigiri, poti bawuti akazungulira madigiri 90 amalowa mlingo womwewo, kaya akuuma kaya akuterereka. Tsono ngati chida chenicheni choyezera chimatha kunamizidwa ndi fumbi, dzanja lija limene limadziwa lokha limamva chiyani kwenikweni, kumanga kapena dzimbiri?

Ndinayesa kukuikirani kumbuyo. Ndinati pagalaja ya pansi pa mtengo chida choyezera madigiri angachipeze kuti? Mwanayo anati sichikufunika. Mumadontheza kadontho ka utoto pa mutu wa bawuti aliyense, mbali yoyang'ana kutsogolo kwa injini. Mukapotoloza koyamba kadonthoko kamayang'ana cham'mbali, kachiwiri kamayang'ana kumbuyo. Pomaliza mukaona timadontho tonse 10 tayang'ana kumodzi, mwadziwa kuti palibe amene mwamudumpha kapena kumubwereza. Kodi utoto wakwera mtengo chotani ku Chipata kuno?

Palinso za ndondomeko. Ine ndikanayamba ndi bawuti amene ali pafupi ndi dzanja langa n'kumazungulira mpaka kutha. Akuti ayi, pomanga mumayambira awiri a pakati, n'kumatuluka mopingasa kupita kunsonga zonse ziwiri, pang'onopang'ono maulendo angapo, kuti hedi ikhale pansi mofanana ndipo gasiketi ifinyike kuchokera pakati kupita kunja. Mukayamba kumangitsa kunsonga, pakati pamatukuka. Pomasula n'zotembenuza: muyambire kunja kulowa mkati, ndiponso injini itazizira. Izi ndazimva. Chimene sindikumvetsa n'chakuti mwini galimoto akaimirira pambali n'kumati "fulumirani, ndikufuna ndikatenge anthu a madzulo ku Mwami," injiniyo imazizira nthawi yanji?

Ndiponso nambala ija si ya injini zonse. Mbale wake wa 1NZ, injini ya malita 1.8 yotchedwa 1ZZ-FE, akuti imafuna 49 Nm kenako madigiri 90 kamodzi kokha. Zonsezi ndi za Toyota, zonse zimabwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, mwina kunja n'kuoneka zofanana. Tikawonjeza Nissan, Mazda, Honda Fit ndi ma Canter onyamula chimanga, manambala achuluka. Dzanja limodzi limawasunga onsewa pati? Mabuku ake akuti amapezeka pa intaneti, ndipo foni imene timaonera zigoli za mpira ikhoza kuwatsegula.

Musaganize kuti ndikulozera inu nokha chala. Ife eni galimoto ndi abale awo tili ndi mlandu wathu. Mabawuti omangidwa ndi madigiri amatamuka mpaka ena sabwereranso mwakale, ndiye buku limati ayezedwe asanabwezeredwe, amene wapitirira muyeso atayidwe. Mmisiri akanena kuti pakufunika mabawuti atsopano, woyamba kukwiya ndani? Ndife. "Akalewo alakwa chiyani, si awa ali bwinobwino?" Pagasiketi timasankha yotchipa. Akati hedi ipite kwa a makina akaipale kuti iwongoke, timati imeneyo ndi njira yotidyera ndalama. Chonsecho pa 1NZ kupindika kololedwa ndi 0.05 mm yokha, theka la kuchindikala kwa pepala lolembapo, ndipo kumayezedwa ndi chitsulo chowongoka ndi timalata topyapyala tolowetsa pansi pake. Ine ndaonapo munthu akuinyamula hedi, kutsinzina diso limodzi, n'kulengeza kuti ili bwino. Ndi diso lotani limenelo, abale?

Nanga mabowo olowa mabawuti? Pochotsa hedi, madzi ndi oyilo zimatsikira m'mabowomo. Akuti zikasiyidwa, bawuti amafika pamadzipo n'kuuma ngati wamanga, ndipo ukakakamiza buloko ikhoza kung'aluka, poti madzi safinyika. Kupukuta mabowo 10 ndi kansalu kapena kuwapopera mpweya sikufuna ndalama. Koma ndi mphepo ya mu Ogasiti, injini ili yasa pabwalo, mabawuti ali m'chigubu chodula pamodzi ndi mchenga, ndani amakumbuka?

Pakapita masabata angapo galimoto ija imayamba kufuka utsi woyera, madzi akutha mu rediyeta popanda podontha, oyilo watuwa ndipo wachita thovu. Pamenepo milandu imagwera aliyense. Gasiketi inali yabodza. Dalaivala amathamangitsa. Dzuwa la mu Okutobala. Zitunda za ku Manenekela panjira ya ku Lusaka, kapena kutentha kwa kuchigwa ku Mfuwe. Zonsezi zikhoza kukhala zoona, ndipo gasiketi zabodza zilipodi. Koma sindinamvepo wina akufunsa kuti kodi mabawuti anamangidwa pa nambala yanji, motsatana bwanji. Sindinamvenso wina akufunsa chimene chinatenthetsa injini poyamba paja, kaya ndi rediyeta yotsekeka ndi madzi a pachitsime, kaya fani yosazungulira, kaya pampu ya madzi yotha. Timasintha gasiketi, chopsereza chija chili pomwepo, kenako n'kudabwa kuti yapsanso. Ena amachotseratu thermostat, ija yoyang'anira kutentha kwa injini, n'kuitaya, akuti kuno n'kotentha siifunika. Kodi amene anaiikamo ankaganiza kuti galimoto zawo zidzathera ku Japan kokha?

Torque wrench si chida chachilendo, chinalipo kale m'zaka za m'ma 1930. Ndikudziwa kuti n'chodula, ndiponso kuti chimafuna kusamalidwa: osachigwetsa, osamasulira nacho mabawuti ouma, kuchibweza pa nambala yotsika mukamaliza ntchito. Mmisiri amene amalandira ndalama yochepa pa ntchito ya tsiku lonse sangachigule mwachibwana. Koma ife amayi a pamsika timagula mapoto ndi malata kudzera m'chilimba. Magalaja asanu oyandikana sangasonkhe n'kugula chimodzi, n'kumabwerekana? Hedi simangidwa tsiku lililonse. Ndipo mwini takisi amene walipira gasiketi kawiri m'chaka chimodzi, kuwonjeza masiku amene galimoto inagona osabweretsa kanthu, sanalipire kale mtengo wa chidacho?

Mwina pali chimene ndikuchiphonya, poti ine ndi wongokwera. Ngati dzanja limayezadi 29 Nm, pasavute, tiyeseni pagulu: mmisiri amange mabawuti 10 ndi mkono, wina abwere ndi torque wrench tione ngati onse afanana. Akafanana ndidzapepesa pamaso pa anthu. Koma pakadali pano, ngati alipo mmisiri ku Nabvutika kapena kwina kulikonse mu Chipata muno amene ali ndi chidachi ndipo amatsegula buku asanamange, chonde achipachike poonekera pagalaja pake, kuti mlongo wanga ndi anzake a matakisi adziwe kopita.