Maso a Nkhono mu Poto wa ku Bologna

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Adanena zoona, koma tisaiwale kuti adanena atakhala pamthunzi, m'thumba mulibe foni, ndipo panalibe mwana wowakoka malaya kuti njala yawawa. Nkhono ili ndi maso kunsonga kwa tinyanga take tiwiri titalititali. Mukaigunda, ngakhale ndi kaudzu, imabweza tinyangato, kenako mutu wonse n'kulowa m'chigoba, inu n'kutsala mukuyang'anizana ndi khomo lotseka. Wofuna kuona masowo ntchito yake ndi imodzi basi: kukhala pansi, manja n'kupinda, osachoka. Ntchito imeneyi masiku ano ikusowa oifunsira.

Kuli mzinda wina ku Italy kumene ntchitoyi idakalipo, ndipo amaigwirira kukhitchini. Dzina lake ndi Bologna, m'chigawo cha Emilia-Romagna, kwawo kwa msuzi wa nyama wodyera pasta wotchedwa ragù. Anthu a kumeneko kudekha kwawo adakakulembetsa ku ofesi, ndipo sindikuseka. Pa 17 Okutobala 1982, bungwe la Accademia Italiana della Cucina lidakasungitsa kaphikidwe ka msuziwu ku Camera di Commercio, ofesi yoona zamalonda mumzindawo. Papepalapo pali magalamu 300 a nyama ya ng'ombe, magalamu 150 a pancetta, yomwe ndi nyama ya pamimba pa nkhumba yothira mchere, anyezi, karoti ndi selari magalamu 50 chilichonse, kenako tomato, vinyo theka la tambula, ndi mkaka. Zonsezi zimakwana m'jumbo imodzi, ndipo mwana wa sitandade 3 atha kuinyamula. Chosalowa m'jumbo chili kumunsi kwa pepalalo: maola pafupifupi awiri pamoto wofatsa.

Maola awiriwo ndi a anthu a m'komiti ya bungwelo, amene amaopa kukhumudwitsa anzawo. Marcella Hazan, mayi wa m'chigawo chomwecho amene adaphunzitsa anthu a ku America kuphika zakudya za kwawo, ankalamula kuti maola asachepere atatu. Ndipo komiti ija itaona kuti pepala lake lifunika kukonza apo ndi apo, idabweranso ku ofesi kuja mu Epulo 2023. Werengani nokha: zaka zoposa 40 kuti asinthe kaphikidwe ka ndiwo imodzi. Anthu amenewa nkhono amaiona maso, n'kuiona ikuphethira, n'kuiperekeza mpaka kwawo.

Tsono taonani mmene ife ana amakono timaphikira. Munthu waweruka kuntchito, ali m'minibasi, watsegula foni. Pakubwera kakanema ka masekondi 30. Dzanja lopanda mwini likudula anyezi, nyama ikugwera m'poto, kautsi kakukwera, ndipo kanyimbo kasanafike n'pakati pomwe mbale ili patebulo, tchizi akugwa pang'onopang'ono. Maola atatu aja adawadula, chifukwa palibe amene angawononge bandulo yake kuonerera poto wovundikira. Munthu uja amatsika pa siteji ali ndi chikhulupiriro chonse kuti nkhani za pa wailesi zisanathe, banja likhala likunyambita zala.

Afika, ayatsa moto wonse umene chitofu chili nawo. Anyezi, karoti, nyama, tomato, zonse zilowa limodzi, chifukwa nanga si zikakumanabe m'mimba. Apa ndi pamene nkhono imagundidwa koyamba. Nyama yogaya ili ndi madzi ambiri, ndipo mukaiunjika m'poto wamng'ono pamodzi ndi tomato, madziwo amatuluka, nyama n'kuyamba kusambira. Madzi akawira amaima pa madigiri 100, sapitirira ngakhale muwakalipire. Koma kufiira kwa nyama, kuja kumatulutsa fungo loitana aneba, kumafuna kutentha koposa apo, ndipo kumayamba pokhapokha madziwo atauma. Mfalansa wina, Louis-Camille Maillard, adafotokoza za kusintha kumeneku mu 1912, ndipo mpaka lero kumadziwika ndi dzina lake. Nyama ya mnzathu uja sinakumane naye Maillard. Yatuwa, yauma m'kati, ikuyandama m'madzi ofiira owawasa, ndipo pa foni paja sizinali choncho.

Ku Bologna amayamba ndi pancetta, kuidula tinthu ting'onoting'ono n'kuisiya isungunuke mafuta ake. M'mafutamo amaikamo anyezi, karoti ndi selari zodula mosalala kwambiri, pamoto wochepa, mpaka zifewe popanda kupserera. Pamenepa pokha patha mphindi zokwanira makanema aja makumi awiri. Ndiye nyama ilowa, moto n'kuukwezako, ndipo wophika amadikira mpaka phokoso la m'poto lisinthe, lichoke pa kubwata lifike pa kuthetheka. Khutu ndi limene limaphika pamenepa. Vinyo amathiridwa nyama itafiira, ndipo amamulola auluke yense asanaike tomato. Tomatoyo sachuluka. Uwu ndi msuzi wa nyama wokhala ndi tomato, osati wa tomato wokhala ndi mbiri yoti mudadutsa nyama. Ndipotu Pellegrino Artusi, amene adasindikiza buku lake lotchuka la zophikaphika mu 1891, kaphikidwe kake ka ku Bologna kanalibe tomato n'komwe. Iye ankaika nyama ya thole ndi kaufa pang'ono, zinthu ziwiri zimene pepala la 2023 lidaziletsa pamodzi ndi adyo. Mkulu amene Ataliyana amamulemekeza ngati tate wa khitchini yawo akadalephera mayeso a zidzukulu zake.

Zikatha izi, moto umatsitsidwa mpaka msuzi uzingoti phwa, n'kupuma, n'kutinso phwa. Apa ndiye pa nkhono penipeni. Chimene chikuchitika m'potomo aliyense amene adaphikapo mang'ina akuchidziwa kale. Nyama yotsika mtengo, ya minyewa ndi mitsempha, ikakhala nthawi yaitali pamoto wofatsa, mitsemphayo imasungunuka n'kusanduka kaulimbo kamene kamamata milomo. Palibe amene adatengapo mang'ina n'kuwauza kuti apse m'mphindi 20 chifukwa alendo afika. Timawapatsa ulemu wawo, timawatereka m'mawa. Koma nyama yomweyo ya ng'ombe ikangodutsa m'makina ogayira, timaiyesa yapsa kale theka. Makina aja adangoidula, mitsempha ili momwemo, ikudikira maola ake. Mkaka umalowa kuti uziziritse ukali wa tomato ndi kufewetsa kakomedwe, ndipo nawonso sufuna kuthamangitsidwa.

Munthu wamakono akaona kuti zake sizikukoma, salola kuti vuto ndi nthawi. Amatsegula kabati. Athira shuga kuti aphe kuwawasa. Athira tomato sosi wa m'botolo. Ang'amba kapepala ka ufa wokometsera ndiwo, kenako kachiwiri, ndipo msuzi ulimba ndithu, koma ukukoma chimodzimodzi ndi nkhuku ya dzulo, nyemba za dzana ndi nsomba za sabata yatha, poti zonsezo zidadutsa m'kapepala komweko. Kumeneku ndiye kutenga cholembera n'kujambula maso pachigoba cha nkhono, n'kuitana anthu kuti adzaone.

Palinso wina amene mwambiwu adaumva theka. Iyeyu adamva kuti msuzi ufuna maola atatu, ndiye watereka poto, wavundikira, wapita kukaonera mpira. Kapena wangokhala pabalaza pomwepo, mamita asanu kuchokera pachitofu, koma mzimu wake uli pa gulu la WhatsApp la anzake a kusekondale, kumene akukangana za nkhani ya mu 2009. Amadzidzimuka ndi fungo. Pansi pa poto pagwira, ndipo msuzi wopserera sukhululuka, fungolo limakwera mpaka pamwamba ngakhale muusamutsire m'poto wina mwakachetechete. Akuluakulu aja adati kudekha, sadati kuchokapo. Wochokapo akabwerera amapeza nkhono idatulutsa maso kalekale, idaona kuti palibe munthu, n'kumapita, yangosiya kanjira konyezimira. Ragù imafuna munthu wobwera pafupipafupi, kutakasa mpaka pansi, kuthirako msuzi wa mafupa kapena madzi otentha pang'ono pakauma, n'kubwezera chivundikiro mosatseka kwenikweni. Ndi ntchito yochepa kwambiri moti simungaitche ntchito, koma ndi yokwanira kukuletsani kuchita china chilichonse. N'chifukwa chake imatipweteka. Tidazolowera kuti ngati sitikuthamanga ndiye tikupukusa chala pagalasi la foni, ndipo za pakatipa tidaziiwala.

Sindinganene zambiri za wolawa, yemwe amadekha ndithu koma ali ndi supuni m'manja. Ameneyu pofika ola lachitatu amakhala atakhuta, ndipo banja limauzidwa kuti msuzi wa Ataliyana umaphwera kwambiri.

Chimene chidandisangalatsa n'chakuti nkhonoyi Ataliyana nawonso adaipeza paokha. Mu 1986, McDonald's itatsegula malo ake odyera pafupi ndi Piazza di Spagna mumzinda wa Rome, Carlo Petrini ndi anzake adaipidwa nazo zoti chakudya chizithamangitsidwa, ndipo mkwiyo wawo udabala gulu la Slow Food. Chizindikiro chimene adasankha ndi nkhono. Chikalata chokhazikitsa gululi padziko lonse adakasainira ku Paris mu 1989, patapita zaka zitatu, kusonyeza kuti anthuwa amachita zimene amalalikira.

Kummwera, ku Napoli, ragù yawo ndi ina: nyama imalowa m'mathuli akuluakulu, tomato amachuluka, ndipo poto amatha kuyamba Loweruka kuti adyedwe Lamulungu masana. Eduardo De Filippo adalemba sewero mu 1959, Sabato, domenica e lunedì, lozungulira poto ameneyu. Mayi wa pakhomo, Rosa, aphika Loweruka. Lamulungu patebulo, neba ayamikira msuziwo ndi mtima wonse, mwamuna wa Rosa apsa mtima ndi nsanje, nkhomaliro isanduka bwalo la milandu, ndipo zikonzeka Lolemba. Azibambo amene mumadya chamutu pansi, n'kungodzuka kukasamba m'manja osanena kanthu, dziwani kuti munthu amene waima maola onsewo pamoto amawerenga amene wayamikira ndi amene wangomeza.

Tsono pali nkhani ya sipageti. Mu 2019, meya wa Bologna wa nthawi imeneyo, Virginio Merola, adalengeza kuti chakudya chimene dziko lonse limachitcha spaghetti bolognese kwawoko kulibe, ndipo adapempha anthu kuti azimutumizira zithunzi za mbale zoterezi kuchokera kumaiko ena. Kwawoko msuziwu amadyera tagliatelle, pasta wa ufa wa tirigu ndi mazira, wopyapyala, wotambalala. Nayenso adamulembetsa ku ofesi ija mu 1972: akapsa, mulifupi mwake mukhale mamilimita 8, ndipo adasula kachitsanzo kagolide kuti pasadzakhale mkangano. Chifukwa chake chilipo. Sipageti ndi woterera, nyama imatsetsereka n'kutsalira pansi pa mbale, pomwe tagliatelle ndi wokhakhala pang'ono ndipo amanyamula nyamayo mpaka kukamwa.

Ine pamenepa ndimasiyana nawo a meya. Pagolosale ya pafupi ndi kwanu ku Lilongwe kapena ku Mzuzu chimene mukapeze ndi sipageti, ndipo a meya sabwera kudzayendera. Phikani yemweyo. Mungomutsanula asanafewetsetse, mumuponye m'poto wa msuzi pamodzi ndi kapu yaing'ono ya madzi amene mwamuphikira, mutakase mphindi imodzi kapena ziwiri kuti zigwirane, m'malo momuunjika m'mbale n'kumuthira msuzi pamutu. Selari akasowa, dziko silitha. Amene sadya nkhumba ayambe ndi batala kapena mafuta, amene sakhudza vinyo athire msuzi wa mafupa. Komiti ingadandaule, koma mbale idzatha. Zonse za papepala lija zili ndi pozembera, kupatula mzere wa maola uja.

Ndipo mzerewo masiku ano uli ndi mtengo. Kudekha kwa makolo kunali kwaulere, nkhono sinkadya mayunitsi. Lero mukatereka poto maola atatu pachitofu cha magetsi, mumakhala ndi zinthu ziwiri zoyang'anira, poto ndi mita, ndipo mitayo ndi imene imathamanga. Apa mbaula imaposa chitofu chodula. Makala akayaka n'kufika poyera, muwakwirire ndi kaphulusa, ndipo akupatsani kamoto kofatsa kamene ophika a ku Bologna amakafuna, bola muzionjezera khala limodzilimodzi. Nzeru ina ndi kuphika poto wamkulu kamodzi, popeza moto wophikira theka la kilo ndi pafupifupi womwewo wophikira makilo awiri, wotsalayo n'kuugawa m'timakontena ta mufiriji.

Vuto lomaliza ndi lakuti msuziwu umakoma koposa ukagona. Ukazizira usiku wonse, mafuta, nyama ndi tomato zimamvana, ndipo mkute wake umaposa wa tsiku loyamba. Ndiye kuti mutadikira maola atatu, mukuyenera kudikiranso mpaka kuche, m'nyumba mmene muli anthu ena, buledi, ndi firiji yopanda loko. Mutha kulengeza pabalaza kuti potoyo ndi wa mawa, onse n'kuvomera ndi mitu. M'mawa mudzapeza chivundikiro chili pamalo pake bwinobwino, supuni yotsukidwa ili pathandala, msuzi watsika ndi zala zitatu, ndipo aliyense m'nyumbamo akulumbira kuti adagona tulo tofa nato.