Chete Kunjako, Tikujambula!

Kale mnyamata wa mu Lilongwe akamaliza sukulu n'kusowa ntchito ankatsegula babashopu, apo ayi ankapempha amalume ake kampamba ka kaunjika. Kenaka inafika nyengo ya oimba, pamene mpanda uliwonse ku Area 25 unkasunga katswiri wake wodikira kutchuka. Lero mukamufunsa kuti, "Aise, ukupanga chani masiku ano?" amayamba wakhosomola kaye, n'kuyankha ndi mawu a pansi pamimba: "Ndikuyambitsa podcast."

Mukafunsanso kuti azikambamo zotani, yankho silichedwa. "Zonse, amwene. Ndale, chikondi, mpira, geni, zauzimu." Munthu woti gulu la banja la pa WhatsApp linamuchotsapo kawiri chifukwa cholongolola, tsopano wapeza kuti vuto lake lija ndi luso.

Mutu wa nkhani ungadikire, koma zipangizo ayi. Mnyamatayu anaonera Joe Rogan wa ku America ndi MacG wa ku Joni, ndipo chimene anatolapo ndi chimodzi: chimaikolofoni chakuda cholendewera pa mkono wachitsulo. Foni imene ili m'thumba mwakemo imajambula mawu bwinobwino, koma anthu aziti chiyani? Choncho amatumiza uthenga kwa msuweni wake ku Johannesburg, katundu n'kukwera basi, kudutsa pa Mwanza, n'kufika bokosi litaphwanyika ngodya. Zotsalira monga zingwe ndi nyali yozungulira ija amakazisaka m'mashopu a ku Old Town, kumene chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, funso lililonse la mtengo lili ndi yankho limodzi: "Dola, bwana." Ngakhale kachingwe koti kakhala pa shelefu zaka zisanu, fumbi lili mbuu, nakonso kamatsatira dola.

Situdiyo ndi kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya a landilodi. Sabata yathunthu amazungulira m'magolosale kupempha mathileyi a mazira, n'kuwakhoma khoma lonse, poti anamva kuti amatchinga phokoso. Satchinga kanthu. Amene amathokoza ndi mphemvu, zimene zapeza nyumba zosanjikizana zaulere. Pazenera amapachikapo bulangete, mwezi wa Okutobala, denga lili la malata. Tambala wa oyandikana nawo amalowabe, chigayo chimalowabe, mahutala a kabaza amalowabe, ndipo mayi wa "Tomatooo! Chinizi! Repuuu!" amamveka bwino kuposa mwini pulogalamu.

Podcast ya munthu mmodzi kulibe. Pamafunika mnzake wokhala mpando winawo, amene ntchito yake ndi kuwomba m'manja, kugwa ndi phwete ndi kunena kuti, "Eee, zoona zimenezo, bigi!" Pamafunikanso wachitatu, amene sadziwa kanthu za makamera koma ali ndi iPhone yosweka galasi. Tsiku loyamba lomwelo amagawana maudindo: uyu ndi mwini kampani, uyu ndi mkulu woona za malonda, uyu ndi mkulu wa zojambulajambula. Onse atatu ndi mabwana. Wosesa palibe.

Tsono likwane tsiku la mlendo. Anagwirizana 10 koloko m'mawa. Pofika 12 koloko amuimbira foni. "Ndili pa Bwalo la Njobvu apa, ndafika kale," akutero mlendoyo, kumbuyo kukumveka madzi akukhavukira m'bafa ku Kawale. Amatulukira cha m'ma 3 koloko, ali ndi anzake awiri osaitanidwa, amene nawonso kummero kwawauma. Asanakhale n'komwe pansi amakokera mwini pulogalamu pambali. "Achimwene, paja ya mayendedwe munati bwanji?" Uyu ndi munthu wozolowera maphunziro a kunyanja ku Salima, kumene munthu amasayinira envulopu chifukwa chongokhala pampando. Zoti angayankhule maola awiri n'kulandira Fanta ndi mabisiketi sizimulowa m'mutu.

Komatu pamene wa iPhone uja akulimbana ndi zingwe, mlendoyu ndi munthu wosangalatsa zedi. Akufotokoza mmene abwana ake akale anathawira angongole podumpha mpanda atavala suti, mmene komiti ya ukwati wa mlamu wake inadyera ndalama za keke, mmene anagonera usiku awiri pamzere wa mafuta n'kupezako chibwenzi. Chichewa chake n'chokoma, chamchere, manja akuvina, onse m'chipindamo misozi ili chuchuchu ndi kuseka.

"Chete kunjako, tikujambula!"

Kanyali kofiira kangoti nyezi, munthu uja wasanduka. Msana wawongoka, mawu asamukira m'mphuno, Chichewa chathawa, kwabwera chizungu chodumphadumpha. Akuyankhula ngati nduna yodzatsegulira mjigo. Choyamba athokoze Mulungu. Kachiwiri makolo ake. Kachitatu eni pulogalamu chifukwa cha masomphenya awo, kenaka achinyamata onse a dziko lino, amene ayenera kusintha kaganizidwe. Mphindi 20 zatha, sananene kanthu kalikonse koti munthu n'kukauza mnzake.

Mwini pulogalamu amayesa kumukumbutsa. "Bigi, nanga nkhani ija ya abwana odumpha mpanda?"

Mlendo amayang'ana kamera, n'kuyang'ana chitseko. "Imeneyo mudule. Akazi awo timapemphera nawo limodzi."

Musamuseke kwambiri, wawerengera bwino. Lilongwe ndi wamkulu pa mapu pokha. Kuchoka ku Lumbadzi kukafika ku Area 36 ndi ulendo wa maminibasi angapo, koma nkhani imayenda mtunda womwewo nsima isanapse. Aliyense ali ndi azakhali odziwana ndi apongozi a munthu amene akumunenayo, ndipo mawa lomweli mukakumana pa maliro, mukukhala benchi limodzi. N'chifukwa chake miseche yathu timaikonda yopanda umboni, ya m'minibasi, ya kwa ometa, ya pa chiwaya, yoti ikavuta munthu n'kulumbira kuti, "Ine? Ndinanena liti?" Maikolofoni sapereka mpata wokana.

Pakati pa uphungu wa kaganizidwe, chitseko chimagogodedwa. Ndi mayi landilodi, chitenje m'chiuno.

"Ana inu, mwayatsa chiyani? Mayunitsi a magetsi akuthamanga."

"Pepani mayi, ndi kanyali chabe. Tili pa pulogalamu."

"Pulogalamu ya lendi ija ili pati? Lero ndi pa 9."

Mawu amenewa alowa bwino kwambiri m'makina, opanda phokoso ngakhale pang'ono. Posakhalitsa magetsi eniakewo amazima dera lonse, nyali yozungulira n'kufa, mnzake wa phwete uja n'kutsegula chitseko kuti anthu apume. Pompo Chichewa cha mlendo chimabwerera, n'kumaliza nkhani ya mpanda yonse, ndi dzina la galu amene anang'amba buluku la abwanawo.

Kukweza vidiyo ya maola awiri pa YouTube ndi bandulo ya m'thumba ndi kudziitanira umphawi, choncho mwini kampani amakacheza ku ofesi ya mlamu wake ku City Centre, kumene amakhala pa mpando wa alendo mpaka madzulo, laputopu ili pamwendo, akumwetulira aliyense wodutsa. Ikangokwera, linki imamwazidwa paliponse: gulu la banja, gulu la kwaya, gulu la anzake a ku sekondale, ngakhale gulu losonkherana za maliro limene anaiwala kulitseka. Apa m'pamene ulemu wa m'tauni umaonekera. Pasanathe mphindi imodzi mayankho ali mbwee: tizithunzi ta moto, ta manja opemphera, "Zakupsa, bigi!", "Tili nanu!" Anthu amaliza kuonera maola awiri m'masekondi 40. Wachilungamo ndi mmodzi yekha, amene walemba kuti, "Tadulani pokomapo mutiponyere pompano, ya YouTube ndilibe." Pokomapo ndi pamene panalowa mayi landilodi.

YouTube imafuna olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonera pachaka isanayambe kugawana nawe ndalama za otsatsa malonda. Iye ali ndi olembetsa 31, ndipo atatu mwa iwo ndi iye mwini.

Amayi ake akumudzi, amene wailesi yawo imangosinthana MBC Radio 1 ndi Zodiak, amaimba foni. "Ndamva kuti uli pa wailesi. Nditsegule pa nambala yanji?" Iye amafotokoza za intaneti, za bandulo, za linki. Kumakhala kaye zii. "Ndiye ukuti ndigule mayunitsi kuti ndimve iweyo? Woti ndakhala ndikukumva ulere chibadwire chako?"

Gawo lachiwiri limajambulidwa popanda mlendo. Lachitatu silijambulidwa, chifukwa mabwana atatu aja ayambana pa kagawidwe ka ndalama zimene sizinabwere, ndipo wa iPhone wachoka ndi pasiwedi. Pa Facebook pamatuluka chikalata chothokoza otsatira onse, chonena kuti gululi likupuma kaye pokonzekera zazikulu.

Ndalama yoyamba maikolofoni aja amaipeza Loweruka lina ku Area 23, pa chinkhoswe cha mwana wa mayi landilodi, amene anagamula kuti lendi ya miyezi iwiri ithera pamenepo. Mwini kampani ndiye woyendetsa mwambo. Akati, "Onse ovala zofiira abwere kutsogolo!" anthu akunyamukadi, akuvina, ma K100 ndi ma K200 akugwera m'lichero. Chiyambireni, aka n'koyamba kuti ayankhule anthu n'kumumvera. Mtima utakwera, amaima pakati pa bwalo n'kutsitsa mawu mpaka pansi pamimba paja.

"Ndisanapitirize, abale ndi alongo, musaiwale kutitsatira pa YouTube, dinani kabelu kaja kuti..."

Ankhoswe aakazi amamukoka jekete. "Iwe, itana akuchimuna apereke. Anthu a ku Mchinji akufuna apeze minibasi kusanade."