Likasa Langa la Chisankho

Shuga wakweranso mtengo, ndipo dzulo m'minibasi bambo wina wa tayi anapeza wolakwa: ndife. Akuti mbuli ndi zimene zimasankha atsogoleri okweza zinthu, ndiye aliyense azilemba kaye mayeso asanaponye voti.

Ine ndinangoti zii, thukuta lili chuchuchu. Mawu oti mayeso amanditsegula m'mimba. Sitandade 8 ndinaibwereza katatu, mpaka ana a m'kalasi anayamba kunditchula kuti ankolo.

Koma ulendo uno sandipezerera. Usiku womwewo ndinakonza likasa. Pantchafu yakumanja ndinalemba dzina la khansala wathu, nditachita kufunsa kwa aneba. Yakumanzere ndinalembapo 50+1. Mayi a kunyumba atawona inkiyo anandipana kuti imeneyo ndi nambala ya foni ya mkazi uti. Malamulo oyendetsera dziko sanakwanepo, ntchafu zaonda ndi mtengo wa shuga uja.

Ndikuwona kale bizinesi. Pa depoti likasa lizigulitsidwa pambali pa mandasi, lina lenileni, lina la chisankho chathachi. Andale asiya kugawa zitenje, azigawa mayankho pamsonkhano, amayi akuvina, mayankhowo atabisa m'duku.

A tayi aja akuyesa nzeruyi ndi yatsopano. Mu 1961 atsamunda ankafuna wovota wodziwa kulemba komanso wokhala ndi kachuma. Ku America, m'zigawo zakumwera, anthu akuda ankawalembetsa mayeso otere, wochonga ali mzungu, mpaka lamulo la 1965 linayamba kuthetsa khalidweli. Wochonga sankasowa cholakwika.

Agogo anga sankatha kulemba dzina lawo. Pa referendamu ya pa 14 June 1993 anasiya tambala wakuda n'kusankha nyali, chifukwa ankadziwa amene anawaletsa kulowa mumsika opanda khadi la chipani. Nanga tipeksi wa mu 2019, amene anachititsa khoti kufafaniza chisankho pa 3 February 2020? Manja amene anamugwira anali a anthu odziwa samu bwinobwino. Tisanayese agogo, ndiuzeni amene adzachonge pepalalo, ndi amene adzamulipire.

Ine pakadali pano ndasiya kusamba m'munsimu, kuwopa kuti likasa lingafufutike chisankho cha 2030 chisanafike. Mayi a kunyumba anafuna kudandaula, koma atafunsa mtengo wa sopo pa okala, anabwera ndi bolopeni kuti ndiwonjezere dzina la phungu.