Kodi MC ndi mbale wake wa yani?

Akuluakulu, mundikhululukire. Ine ndine mlimi wa mbatata ya kachewere kufupi ndi Bembeke, ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Ndili ndi timafunso tokhudza munthu wina amene masiku ano sasowa pa mwambo uliwonse kuno ku Dedza, kuyambira pa Linthipe mpaka kutsikira ku Mtakataka. Amamutchula kuti MC.

Dzinali lalowerera mpaka m'makomo mwathu. Komiti ya ukwati ikakumana, mawu oyamba amakhala akuti, "Kodi MC tamupeza?" Za ufa ndi nkhuni zimabwera pambuyo. Mwana akamalongolola akulu ali chete, mayi ake amati, "Iwe ka MC, takhala pansi." Wina akalowerera mkangano wa eni pa mjigo amamuuza kuti, "Wakuika u-MC ndani?" Ndiye ine ndimadabwa: ngati dzinali timakalipira nalo ana ndi anthu olowerera nkhani za eni, bwanji mwini dzinalo timachita kumulipira?

Funso langa loyamba ndi ili: MC ndi wakuchimuna kapena wakuchikazi? Pa ukwati aliyense amakhala ndi mbali yake. Amalume a mnyamata timawadziwa, azakhali a mtsikana timawadziwa, ngakhale amene angotsatira fungo la mpunga timawadziwa. Koma MC ndikafunsa kuti ndi mwana wa yani, amandiyankha kuti wachokera ku Lilongwe. Mlendo ameneyu ndiye amauza mwinimbumba nthawi yoimirira ndi nthawi yokhala pansi, mwinimbumbayo n'kumvera. Mphamvu zimenezi amazitenga kuti? Zili mwa iye kapena zili mu maikolofoni? Ndafunsa chonchi chifukwa magetsi akathima, jenereta isanalire, MC amasanduka munthu wamba ngati ine.

Lachiwiri ndi la perekaniperekani. MC amaitana akuchimuna, tivine, tiponye. Aitana akuchikazi. Kenaka aitana onse amene anaphunzira limodzi ndi mkwati, onse opemphera naye, onse ovala zofiira, onse obadwa mwezi wa June, onse amene anabwera pa njinga yamoto. Ine munthu mmodzi ndimapezeka kuti ndine wachibale, ndine wa mpingo, ndavalanso jekete yofiira. Kodi thumba langa nalo limachulukana pamodzi ndi maudindowo? N'chifukwa chake timathamangira kwa makashiya kukaphwanyitsa K2,000 kuti ikhale ma K50 ambirimbiri, tizioneka ngati tikuponya kwambiri. MC akudziwa kuti ndi ma K50, eni ukwati akudziwa, ifenso tikudziwa. Nanga tikunamiza yani?

Pa K50 imeneyo pali nkhope ya Inkosi ya Makhosi Gomani II, mfumu ya Angoni a kwa Maseko, amene ambiri kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu timawawerenga ngati kholo. Pa K2,000 pali John Chilembwe, ndipo pa K5,000 imene inatuluka mu 2022 pali Kamuzu Banda. A Reserve Bank of Malawi akhala akudandaula kuti kuponya ndalama pansi n'kumazipondaponda pa maukwati kumaziperepesa msanga, ndipo kusindikiza zina kumadya ndalama zambiri. Lichero limakhalapo ndithu, koma nyimbo ikakoma MC amakuwa kuti tiponye m'mwamba. Tsono ine ndimvere yani, banki kapena MC? Ndipo Mngoni amene sangayerekeze kudutsa pamaso pa inkosi chipewa chili kumutu, amavina bwanji chidendene chili pa nkhope ya Gomani?

Lachitatu ndi la ankhoswe. Mmene ndikudziwira ine, ukwati amamanga ndi ankhoswe. Ndiwo amayenda maulendo chinkhoswe chisanachitike, ndiwo amalandirana nkhuku, tambala uku msoti uku. Banja likayamba kugwedezeka, mbale zikamauluka usiku, amene amadzutsidwa tulo ndi ankhoswe omwewo. Koma pa tsiku la ukwati MC amawauza kuti, "Mwachidule, bambo, nthawi yatithera." Nthawiyo yatha bwanji? Si yomwe ija inapita ndi nthabwala zake zonena apongozi? Dzuwa likalowa, iye amalandira zake n'kukwera galimoto. Kodi alipo amene anaonapo MC atabwerera patatha chaka kudzafunsa ngati anthu aja akudyerabe mbale imodzi?

Ndikukumbukira zimene anachita Inkosi Theresa Kachindamoto ku Mtakataka. Anathetsa maukwati a ana mazanamazana, anawo n'kubwerera kusukulu, ndipo mafumu amene ankavomereza maukwati oterowo anawaimitsa pa udindo. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Pa nkhani yonseyi amene ankafunsidwa mafunso anali makolo, ankhoswe ndi mafumu. Ndiye kuti zinthu zikavuta timadziwa bwino eni ake a mwambo. Nanga zikamakoma timawaiwaliranji?

Mwina wina anena kuti MC ndi wakalekale, wangosintha malaya. N'kutheka. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ali ndi atsabwalo amene amakonza bwalo ndi kuona kuti gule aliyense walowa pa nthawi yake. Amene anafikapo ku Mua, kumishoni imene inayamba mu 1902, kumene Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni mu 1976, anaona mmene makolo ankasanjira miyambo, aliyense ndi ntchito yake. Koma tsabwalo ndi mwana wa m'mudzi momwemo, akalakwitsa mawa akumana ndi akuluakulu. Ndipo sindinamvepo anthu akuchokera kubwalo akutama tsabwalo m'malo motama gule. Nanga bwanji pochoka pa ukwati timakambirana za MC njira yonse, dzina la mkwatibwi titaliiwala?

Ngakhale pa maliro wafikapo. Kale woimira banja ankanena mmene matenda anayendera, nyakwawa n'kuthokoza adzukulu ndi onse obwera, ampingo n'kutenga mwambo. Lero pamaliro ena pamakhala woyendetsa mwambo wonyamula pepala, kuitana oika nkhata mmodzimmodzi, kuyambira olemekezeka. Kodi chisoni nachonso chili ndi ndandanda? Gogo amene anachezera usiku wonse m'siwa ali pa nambala chani?

Sindikudana naye MC ayi. Ndinaonapo ukwati wopanda woyendetsa: anthu anayamba kudya mkwati asanafike, ndipo amalume awiri analimbirana maikolofoni. Ntchito yake ilipo, ndipo waluso amadziwa kuseketsa anthu popanda kuchititsa manyazi munthu wosauka amene wangoponya K100 yake yomaliza. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti tinamuitana kuti azipatsa ena mpata wolankhula, koma mpatawo anautenga yekha.

Mwana wanga wamkazi akwatiwa tikakolola, ndipo komiti yandiuza kale kuti MC wapezeka. Ndikufuna ankhoswe adzalankhule mpaka amalize, mopanda wowadula pakamwa. Tandiuzani, akuluakulu: ine monga bambo wa mwana ndingathe kumuuza MC zimenezi, kapena ndiyambe ndaponya K5,000 kuti andibwereke maikolofoni?