Ulemerero wa Dziwe la Suweji

Mwa zomangamanga zonse za m'tauni, palibe chodzichepetsa ngati dziwe la suweji. Limakhala kunja kwa tauni, kumunsi kumene madzi amatsetserekera okha, n'kumalandira zimene aliyense amathamangira kutaya. Silisankha nkhope: za bwana ndi za mlonda wake zimafika pa paipi imodzi, popanda woyamba kupatsidwa mpando.

Maiwewa amakumbidwa motsatizana. Loyamba ndi lakuya, mamita 2 mpaka 5, kuti mpweya wabwino usafike pansi. M'menemo zolemera zimadikha n'kusanduka matope, ndipo mabakiteriya amazidya usana ndi usiku. Antchito amenewa ndi osowa: sapempha alawansi, sachita sitalaka, sapita kumaliro. Fungo la mazira owola limene limalonjera wodutsa ali patali ndi lipoti lawo la ntchito, lokhalo m'tauni limene silichedwa.

Dziwe lachiwiri ndi lotambalala koma losaya, mita imodzi kapena awiri. Madzi ake amabiriwira ndi ndere. Dzuwa likawala, nderezo zimatulutsa mpweya umene mabakiteriya amapuma, iwonso n'kuzibwezera chakudya. Mgwirizano wotere ngakhale zipani zandale siziudziwa. Maiwe otsiriza ndi osaya kuposa onse, kuti dzuwa lilowe mpaka pansi n'kupha tizilombo toyambitsa matenda, mazira a njoka za m'mimba atamira kale m'matope. Ulendo wonsewu umatenga milungu ingapo, ndipo sufuna makina. Magetsi akazima, tauni yonse imadandaula, dziwe lili phee, ntchito ili mkati.

Alendo nalonso lili nawo. Ku Kauma, mu Lilongwe, maiwe a suweji amakopa abakha am'tchire ndi akakowa, moti okonda kuonera mbalame amapitako ndi makamera, mphuno atazipepesa. Udzudzu umabwera wosaitanidwa udzu wa m'mbali ukasiyidwa osatchetcha.

Zopempha zake n'zochepa: sefa wa pakhomo achotsedwe majumbo, nsanza ndi matewera, ndipo pakapita zaka matope akokoledwe. Likamanidwa zimenezi silikalipa. Limangodzaza, madzi n'kumadutsa mothamanga asanayere, uthenga wake n'kukamveka kumunsi, kwa mayi wotsuka mbale pamtsinje ndi mlimi wothirira mpiru kudimba. Kolera amene anayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'Malawi anayenda njira ya mtundu womwewu, ya chimbudzi chofika m'madzi akumwa.

Madzi otuluka ku Kauma amathira mu mtsinje wa Lilongwe, Lilongwe amathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ya Malawi cha ku Salima. Kumeneko n'kumene kumachokera ina mwa nsomba zimene zimakwera galimoto m'mamawa kukagulitsidwa m'misika ya mu Lilongwe momwemo.